Kusamukira Kunja Kontrakiti ya Embedded Ili M'manja: Mafunso ndi Mayankho

Pakati pa achinyamata athu odziwa za makompyuta pali kagulu kochepa kamene sikalemba mawebusayiti. Iwowa amalemba mapulogalamu okhala m'kati mwa zipangizo, ntchito imene amaitcha embedded: mita ya magetsi, pampu yoyendera dzuwa, makina a m'chipatala, kachida kolondolera galimoto. Ambiri alibe ntchito yokhazikika. Amadalira makontrakiti a miyezi 6 kapena chaka, ena ndi makampani a konkuno, ena ndi a kunja. Luso lawoli likusakidwa ku Munich, Eindhoven, Cambridge ndi Cape Town, ndipo mwayi wopita ukamabwera umawapeza ali pakati pa ntchito ya munthu wina. Zitsanzo zambiri pano ndi za Britain ndi Germany. Ziwerengero za maviza zimasintha chaka ndi chaka, n'chifukwa chake chilichonse ndachiika ndi chaka chake.

Kodi wolemba mapulogalamu sangangotseka laputopu n'kukaitsegulira dziko lina?

Wa mawebusayiti akhoza kuyesa, koma wa embedded ayi. Pulogalamu yake, imene eni ntchitoyi amaitcha firmware, siyenda pa laputopu. Imayenda pa kachipu ka STM32 kapena ESP32 komwe kali pa bodi, ndipo bodiyo ili patebulo pamodzi ndi debugger, oscilloscope, masensa ndi mawaya. Vuto likabuka pamafunika manja: kuyeza magetsi pa mwendo wa kachipu, kuzimitsa chipangizo n'kuchiyatsanso, kuwotcherera waya. Chinanso, zimene munthuyu walemba zimakhalitsa kuposa kontrakiti yake. Mamita ogulira mayunitsi otsatira muyezo wa STS ankawerenga mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo malo osungira chiwerengerocho anali a mabiti 24 okha. Malowo anadzaza pa 24 Novembala 2024, moti mamita mamiliyoni ambiri ku South Africa ndi maiko ena anayenera kulowetsedwa manambala apadera kuti apitirize kulandira mayunitsi. Zimene injiniya anasankha zinadzafuna yankho patadutsa zaka 31. Choncho wosamuka amasiya m'mbuyo zinthu zimene sizilowa m'chikwama: zida za kasitomala, chilolezo chogwirira ntchito pamalo amene ali, ndi nzeru za pulojekiti zomwe mpaka pano zili m'mutu mwake mokha.

Ndili kale pa kontrakiti ndi kampani ya ku Ulaya. Kodi imeneyi siingandipezere viza?

Kawirikawiri siingatero, ndipo ambiri amagwa mphwayi akamva izi. Maviza a ntchito anakonzedwera munthu wolembedwa ntchito, wolandira malipiro a pamwezi odulidwa msonkho, osati wotumiza invoisi. Ku Britain, viza ya Skilled Worker imafuna kampani yokhala ndi laisensi ya Home Office, imene ikupatseni Certificate of Sponsorship. Kuyambira Julaye 2025 malipiro ake sayenera kuchepera £41,700 pachaka, kapena mlingo woikidwa pa ntchitoyo ngati uli wokwera, ndipo wa olemba mapulogalamu ndi wokweradi. Ku Germany, EU Blue Card imafuna ntchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo. Mu 2025 malire ake anali €48,300 pachaka, kapena €43,759.80 pa ntchito zosowa anthu monga za IT ndi uinjiniya. Ku Netherlands nako kampani iyenera kukhala yovomerezedwa ndi nthambi ya IND. Germany ili ndi viza ya ogwira ntchito paokha, koma munthu wodalira kasitomala mmodzi yekha amakayikiridwa kuti ndi wantchito wamba amene abwana ake akuzemba kumulipirira inshuwalansi ndi penshoni. Phindu lenileni la kontrakiti yanu lili pena: kasitomalayo amadziwa kale ntchito ya manja anu. Mufunseni mosazungulira ngati angakulembeni ntchito yokhazikika, ndiponso ngati ali ndi chilolezo cholembera anthu ochokera kunja. Kampani yaing'ono imene sinachitepo zimenezi imafuna nthawi, ndiye funsolo lisachedwe.

Nanga digiri yanga ya kuno akaivomereza? Ndipo amene alibe digiri atani?

Kuvomerezedwa sikuchitika pakamwa, pali njira yake. Germany ili ndi kaundula wa pa intaneti wotchedwa anabin, momwe mumayang'ana ngati yunivesite yanu ndi digiri yanu zilimo. Ngati mulibe, mumapempha ofesi ya ZAB kuti iunike digiriyo. South Africa imadzera ku SAQA. Samalani ndi maina: amene anamaliza ku Polytechnic chaka cha 2021 chisanafike ali ndi satifiketi ya University of Malawi, osati ya MUBAS, ndipo mafomu onse alembedwe monga momwe satifiketi ikunenera. Ku Britain, Malawi sali pa mndandanda wa maiko amene anthu ake safunsidwa umboni wa Chingerezi. Muyenera kulemba mayeso ovomerezeka kapena kutsimikizira kudzera ku Ecctis kuti digiri yanu munaiphunzira m'Chingerezi. Wopanda digiri asataye mtima. Kuyambira Novembala 2023, Germany imapereka Blue Card kwa katswiri wa IT amene wagwira ntchitoyo zaka 3 m'zaka 7 zapitazi. Komatu wa makontrakiti alibe mapeyisilipi. Umboni wake ndi makalata a makasitomala onena tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi ntchito imene ankagwira, kuphatikizapo mainvoisi ndi masitetimenti a kubanki. Makalata amenewa apempheni pamene ubale udakali wabwino, kampani idakalipo ndipo amene ankakuyang'anirani sanachoke.

Bwanji ndingopita ndi viza ya alendo, n'kumagwira kontrakiti yanga mwakachetechete ndikusaka ntchito?

Maganizo akuti "ndalama zikuchokera kwina, ndiye sindikugwira ntchito m'dziko lawo" ndi olakwika. Malamulo ambiri amayang'ana pamene thupi lanu lili pogwira ntchitoyo. Britain inafewetsako pang'ono mu Januwale 2024: mlendo akhoza kuyankha maimelo ndi kugwirako ntchito ya kwawo, bola chisakhale cholinga chachikulu cha ulendo. Koma munthu wa viza ya alendo sangaisinthe kukhala Skilled Worker ali momwemo, ayenera kutuluka kaye. Viza ya Schengen ndi ya masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, ndipo si chilolezo cha ntchito. Masiku 30 amene Mmalawi amalowera ku South Africa popanda viza ndi a kucheza. Kwa wofuna kukasaka ntchito ali komweko, Germany inatsegula Chancenkarte mu Juni 2024. Imalola kukhala mpaka chaka chimodzi ndi kulembedwa ganyu ya maola 20 pa sabata, koma chilolezocho ndi cha kulembedwa ntchito, osati kuyendetsa bizinesi yanuyanu. Kugwidwa mukuphwanya malamulo a viza kumakutsatirani pa fomu iliyonse imene mudzalembe mtsogolo.

Ndikapeza ntchito yokhazikika kunjako, ndingamalize kontrakiti yakale madzulo ndi Loweruka?

Pamafunika zilolezo ziwiri, cha boma ndi cha bwana watsopano. Ku Britain, wa Skilled Worker amaloledwa maola osaposa 20 pa sabata pa ntchito ina yoyenerera kapena bizinesi yake, malinga akugwirabe ntchito imene inamubweretsa. Ku Germany werengani zolembedwa pa chiphaso chanu chokhalira m'dzikomo. Ngati sichikunena kuti ntchito ya panokha ndi yololedwa, mukapemphe kaye ku Ausländerbehörde, ofesi yoona za anthu ochokera kunja. Kumbali ya bwana, makontrakiti ambiri a uinjiniya amafuna kuti ntchito yapambali iululidwe, ndipo ena amati chilichonse chimene mwapanga chokhudzana ndi ntchito ya kampani ndi cha kampaniyo. Taganizani za munthu amene masana akulemba firmware ya mabatire a galimoto, usiku ya mabatire a sola: makampani awiri akhoza kudzakanganirana khodi imodzi, iye ali pakati. Ngakhale zonse zitaloledwa, ine sindilimbikitsa njira imeneyi kupitirira masabata ochepa. Miyezi yoyamba m'dziko lachilendo imadya mphamvu: kusaka nyumba, kulembetsa kumaofesi, kuphunzira khodi ya eni, ndipo ku Germany nthawi yoyesedwa pa ntchito imafika miyezi 6. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Kasitomala ndimuuze liti kuti ndikuchoka?

Mukangolandira kalata yolembedwa ya ntchito yatsopano, musanadikire kuti viza ituluke. Kunena mukadali pa maintaviyu n'kudziputira nkhawa pachabe, chifukwa mwina simupita. Kudikira mpaka tikiti ili m'manja n'kumulakwira munthu amene anakukhulupirirani. Yambani mwawerenga kontrakiti yanu: notisi ndi ya masiku angati, malipiro amamangika pa maola kapena pa magawo omalizidwa, pali chilango chosiyira pakati, ndipo pali mawu onena za dziko limene ntchito iyenera kugwiridwira. Mawu omalizawa ambiri sawaona, chonsecho amapezeka kawirikawiri m'makontrakiti a zipangizo za chipatala, za ndalama ndi za chitetezo. Pokamuuza, musapite ndi uthenga wokha. Pitani ndi dongosolo: gawo ili ndimaliza pofika tsiku lakuti, ili sindingathe, munthu wondilowa m'malo ayambe tsiku lakuti kuti tigwirire limodzi. Dziwaninso kalendala ya hardware. Ngati mabodi atsopano akuchokera kufakitale mwezi umene mukunyamuka, kapena chipangizo chikupita kukayesedwa kuti chilandire chizindikiro cha CE, kuchoka kwanu kukhoza kuimitsa anthu ambiri. Akatswiri a embedded ndi ochepa ndipo amadziwana. Bwana wanu watsopano akhoza kudzaimbira foni kasitomala yemweyu.

Ndi zikalata ziti zimene zimachedwetsa anthu?

Choyamba ndi pasipoti. Amene anaona ntchito yosindikiza mapasipoti itaima kwa masabata angapo kumayambiriro kwa 2024 safunikanso kuuzidwa. Ngati yanu yatsala ndi zaka zosakwana ziwiri, ikonzeni musanayambe china chilichonse. Kenako matransikiripiti a kuyunivesite, kalata ya kupolisi kumene ikufunika, ndipo ngati mukupita ndi banja, satifiketi ya ukwati ndi zikalata za kubadwa za ana zochokera ku NRB. Ukwati wa chinkhoswe umene sunalembetsedwe umavuta kuutsimikizira kwa kazembe. Malawi ali m'pangano la Hague la apostille, ndiye funsani ngati dziko mukupitalo likufuna chidindo chimenechi. Chovuta kwambiri si kupeza zikalata, koma kuzigwirizanitsa, popeza chilichonse chili ndi moyo wake. Satifiketi ya TB imene Britain imafuna kwa ochokera ku Malawi imatha pa miyezi 6. Certificate of Sponsorship iyenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe miyezi 3. Zotsatira za IELTS zimakhala zaka 2. Maofesi ambiri a kazembe amasunga pasipoti pamene akuunika pempho, choncho musalonjeze kasitomala ulendo wa ku Lusaka kapena Johannesburg m'masabata amenewo.

Mabodi ndi zida zogwirira ntchito ndingaziike m'sutikesi n'kupita nazo?

Funso loyamba ndi lakuti n'za yani. Zida za kasitomala sizituluka m'dziko popanda chilolezo chake cholembedwa, ngakhale kabodi kokwana m'thumba la malaya. Funso lachiwiri ndi limene anzathu ambiri sanalimvepo: malamulo oletsa kutumiza kunja katundu amene angagwire ntchito za usilikali. America ili ndi EAR ndi ITAR, ndipo European Union ili ndi lamulo la 2021/821. Malamulo a America amatsatira chinthucho kulikonse kumene chapita, moti chilolezo chimene kampani inali nacho chokutumizirani chipangizo ku Lilongwe sichitanthauza kuti inu mungachipititse dziko lachitatu. Amakhudza zinthu monga makamera oona kutentha, masensa apamwamba oyeza kayendedwe, zida zina za madroni ndi njira zina zobisira uthenga. Ndipo sakhudza zitsulo zokha: khodi ndi mapulani a bodi omwe ali mu laputopu nawonso amawerengedwa. Zipangizo zambiri wamba sizigwera m'gulu limeneli, koma woyenera kunena zimenezo ndi kasitomala, m'kalata, osati inu mwa kungoganiza. Chachitatu ndi a kasitomu ndi a pabwalo la ndege. Bodi yosavala chikuto, yolendewera mawaya ndi batire, imaoneka zoopsa pa makina ounikira katundu. Nyamulani kalata ya kampani yofotokoza chinthucho, mtengo wake ndi mwini wake. Mabatire a lithium apadera amayenda m'chikwama cha m'manja basi. Osaposa 100 Wh amaloledwa, a pakati pa 100 ndi 160 Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Kunena zoona, njira yabwino ndi yobweza zida kwa mwini wake, iye n'kuzitumiza yekha kumene akufuna. Oscilloscope yanuyanu ngati ndi yotchipa, gulitsani kapena musiyireni wophunzira, mukagula ina.

Chipangizo chimene chikugwira bwino patebulo langa kuno, kunjako chikagwira chimodzimodzi?

Pa magetsi, ku Ulaya mulibe vuto lalikulu: ndi 230 V ndi 50 Hz ngati kuno, ndipo pulagi ya ku Britain ndi yathu yomweyi, pamene Germany ili ndi yake. America ndi Canada ndi 120 V ndi 60 Hz. Msampha uli pa wailesi. Chipangizo cha LoRa cha 868 MHz n'chololedwa ku Ulaya, koma ku America amagwiritsa ntchito 915 MHz, ndipo kuulutsa pa malo osaloledwa ndi mlandu. Monga kuno kuli MACRA, ku Britain kuli Ofcom ndipo ku Germany kuli Bundesnetzagentur. Zipangizo zambiri za kuno zimalankhula kudzera pa 2G, monga zija za modemu ya SIM800, chonsecho AT&T ku America inazimitsa 2G mu 2017, ndipo Australia ilibenso 2G. Mbali inanso ndi yomwe makasitomala a kunja amaiona mochedwa. Ngati chipangizocho n'chogwiritsidwa ntchito kuno, inu munali maso awo. Kuthimathima kwa magetsi, mphamvu yotsika madzulo, kutentha kwa ku Chikwawa, netiweki yobwera n'kupita, zonsezi zimavumbula zolakwika zimene labu ya ku Stuttgart siingazione. Ngati mwagwirizana kuti muzithandizabe mukapita, siyani tebulo loyesera lolumikizika pa intaneti: kakompyuta ka Raspberry Pi kolumikizidwa ku debugger, relay yozimitsira ndi kuyatsira bodi, batire yosungira magetsi, ndi munthu wodalirika woti azikankha waya ukasokonekera. Munthuyo azilipidwa, ndipo zilembedwe mu kontrakiti.

Kusiya ntchito bwino kumatanthauza chiyani? Si kungotumiza khodi yonse ku Git?

Khodi ndi theka chabe. Pulojekiti ya embedded imakhala ndi zinsinsi zambiri zimene mwini wake anasiya kuziona chifukwa anazizolowera. Lembani mtundu weniweni wa compiler ndi zoikamo zake, chifukwa kusintha pang'ono kukhoza kukulitsa firmware mpaka osakwananso m'kachipu. Ngati laisensi ya IAR kapena Keil inamangidwa pa kompyuta yanu kapena pa dongle, nenani msanga. Jambulani bodi iliyonse imene munaiwotcherera waya wapadera, ndipo fotokozani chifukwa chake. Lembani njira yolowetsera firmware m'chipangizo chatsopano, njira yochiukitsira chikafa pakati pa update, manambala a calibration, ndi zolakwika zomwe mukuzidziwa koma simunazikonze. Zomalizazi musazibise, wolowa m'malo adzazipeza ndithu, ndipo bola azimve kwa inu. Chinthu choopsa koposa ndi makiyi osainira firmware. Ngati zipangizo zili ndi secure boot ndipo kiyi ili pa laputopu yanu yokha, kutayika kwa laputopuyo pa ulendo kukutanthauza kuti zipangizo zonse zomwe zili kwa anthu sizidzalandiranso update. Perekani makiyi kwa mwini wake m'njira yotetezeka, asaine kuti walandira, kenako mufufute anu. Sinthaninso maakaunti onse amene amatumiza nambala yachinsinsi pa simu ya Airtel kapena TNM, chifukwa mukafika uko uthengawo mwina sudzafika. Muyeso wa zonsezi ndi umodzi: munthu wina atenge kompyuta yatsopano ndi zolemba zanu, apange firmware, ailowetse m'bodi, inu mutakhala pambali osatsegula pakamwa. Paliponse pamene wakakamira, pamenepo zolemba zanu zaperewera. Ndipo ngati kasitomala alibe munthu, mutchulireni wachinyamata wa konkuno n'kumuphunzitsa masabata otsalawo. Anthu a luso limeneli m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo zimandipweteka kuona mmodzi akunyamuka ndi zonse zimene amadziwa osasiyako kalikonse.

Olemba ntchito akufuna kuona zimene ndinapanga. Ndingawaonetse khodi ya kontrakitiyi?

Ayi, pokhapokha mwini wake atalola m'kalata. Makontrakiti ambiri amapereka umwini wa khodi kwa kasitomala ndipo amakhala ndi pangano losunga chinsinsi, limene silitha chifukwa choti mwawoloka nyanja. Wofunsa mafunso wanzeru akaona mukumuonetsa za eni, amadziwa kuti mawa mudzaonetsa zake. Chololedwa ndi kufotokoza vuto ndi mmene munaliganizira popanda kutchula zachinsinsi: mmene munachepetsera kudya kwa batire, mmene munapezera cholakwika chobwera kamodzi pa sabata. Pa umboni wooneka, pangani kapulojekiti kanu pa bodi yogula nokha, kapena thandizani pa mapulojekiti otseguka monga Zephyr ndi FreeRTOS. Ngati mukulinga ku makampani a galimoto a ku Germany, dziwani MISRA C, CAN ndi ISO 26262. A zipangizo za chipatala amafunsa za IEC 62304.

Ndinamva kuti msonkho wa dziko latsopano umayamba pakatha masiku 183. N'zoona?

Ndi theka la choonadi, ndipo lapweteka anthu ambiri. Ku Germany, mukangokhala ndi nyumba yokhalamo mumawerengedwa wokhoma msonkho pa ndalama zanu zonse, zochokera kulikonse, kuyambira nthawi imeneyo. Kulembetsa adiresi kumafunika pasanathe masabata awiri mutalowa m'nyumbamo. Britain ili ndi Statutory Residence Test: masiku 183 amakupangani wokhalamo mosakayikitsa, koma nyumba, banja ndi ntchito zikhoza kukupangani wotero masiku asanakwane, ndipo chaka chawo cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo. Kumbali ya kuno, ndalama za ntchito imene munagwira muli m'Malawi ndi nkhani ya MRA, ngakhale zitalowa mu akaunti mutachoka kale. Ndiye dulani mzere woonekera: invoisi imodzi ithere pa tsiku lonyamuka, ndipo ntchito iliyonse ya pambuyo pake ikhale pa invoisi ina. Mapangano oletsa kukhoma msonkho kawiri alipo ndi maiko ena okha, ndipo la Malawi ndi Britain ndi la mu 1955, makompyuta a patebulo asanabadwe. Kasitomala nayenso ali ndi mantha ake: munthu womugwirira ntchito nthawi zonse ali m'dziko lina akhoza kuchititsa kuti kampaniyo ifunsidwe msonkho kapena ndalama za inshuwalansi kumeneko. Akakana kuti mupitirize muli kunja, nthawi zambiri chifukwa chake ndi chimenechi, osati nkhanza. Musananyamuke, perekani maritani anu onse, sungani TPIN ndi malisiti, ndipo lipirani ola limodzi kwa katswiri wa msonkho wa dziko mukupitalo.

Ndisunge ndalama zingati, ndipo ndizisunge motani?

Werengerani nokha kuchokera pa zinthu zodziwika. Ku Britain, kupatula mtengo wa viza, pali Immigration Health Surcharge ya £1,035 pachaka kwa wamkulu aliyense kuyambira Febuluwale 2024, yolipiriratu zaka zonse za viza: zaka 3 ndi £3,105 munthu mmodzi. Pamafunikanso £1,270 yokhala mu akaunti masiku 28 otsatizana, pokhapokha kampani italonjeza kukusamalirani mwezi woyamba. Ku Germany mwini nyumba amaloledwa kufuna dipoziti yofika lendi ya miyezi 3, ndipo malipiro oyamba amabwera kumapeto kwa mwezi. Funsani kampani yatsopano zimene ilipire, chifukwa ambiri amalipira tikiti ndi viza koma sanena ngati simunafunse. Za kasungidwe, tonse tikukumbuka kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama za ulendo m'makwacha anadzuka tikiti itatalikira. Ngati mumalipidwa m'madola kapena mayuro, kambiranani ndi banki yanu za akaunti ya ndalama zakunja ndi malamulo a Reserve Bank okhudza ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo pempho la ndalama zakunja liperekeni msanga chifukwa mzere wake ndi wautali. Za pamsika wakuda zisiyeni: kazembe amafuna kuona kumene ndalama zachokera. Musatseke akaunti imene kasitomala amalipirirako mpaka invoisi yomaliza italipidwa. Ndipo abale auzeni zoona, kuti miyezi itatu yoyamba simudzatha kutumiza kanthu.

Pali ejenti amene akuti andipezera kampani yondiitana ndikamulipira. Ndimukhulupirire?

Ntchito ya uinjiniya sigulidwa. Ejenti weniweni amalipidwa ndi kampani yolemba ntchito, osati ndi inu, ndipo malamulo a Britain salola kampani kukulipiritsani mtengo wa Certificate of Sponsorship. Mndandanda wa makampani a laisensi uli poyera pa webusayiti ya boma la Britain, ndipo wa Netherlands uli pa ya IND. Kampani yeniyeni ya embedded siingakulembeni osakufunsani za ma interrupt, ma pointer ndi mmene mungapezere cholakwika pa I2C. Ngati "ntchito" yabwera popanda mafunso oterowo, koma ndi nambala yotumizirako ndalama, thawani.

Nanga viza ikachedwa kapena kukanidwa, kontrakiti nditaisiya kale?

Apa ndi pamene dongosolo lonse limayesedwa, ndipo yankho lake limakonzedwa pa tsiku lomwe mukuuza kasitomala kuti mukuchoka. Musapereke tsiku limodzi louma. Pemphani kuti kontrakiti ithe pa gawo lomalizidwa la ntchito, ndipo pakhale mawu olola kuionjezera mwezi ndi mwezi ngati mbali zonse zafuna. Makasitomala ambiri amavomera, chifukwa nawonso amapindula mukakhalapo pamene wolowa m'malo akuzolowera. Britain imati mapempho ochokera kunja amayankhidwa m'masabata atatu, koma nthawi yodikira tsiku lokaonekera, kuunika digiri ndi zikalata zobwezedwa siili m'masabata amenewo. Kampani yatsopano nayo igwirizane nanu kuti tsiku loyamba ntchito lidalira kutuluka kwa viza. Musagulitse galimoto, musapereke notisi ya nyumba, musachotse ana pasukulu viza isanatuluke. Pakati pa tsiku lomaliza ntchito ndi tsiku lokwera ndege siyani masabata awiri kapena atatu opanda khodi, oti mubweze zida, mutsanzike kumudzi ndi kumaliza za kubanki. Viza ikakanidwa, kalata yake imanena chifukwa, ndipo zifukwa zambiri, monga chikalata chosowa kapena ndalama zimene sizinakwane masiku 28, zimakonzeka n'kupemphanso. Pamene mukukonza zimenezo mudzafuna ndalama zolowa mwezi ndi mwezi, ndipo zidzachokera kwa kasitomala yemwe uja, pa mawu a mwezi ndi mwezi amene munapempha kuti alembedwe mu kontrakiti.